Timakeke Timene Ndinakana Kulawa

Ine ndinali khukhi, ndipo khukhi wake wodziwa ntchito. Ndikudzitama ndekha chifukwa amene akanandichitira umboni onse anatsogola kale. Masiku amenewo khofi anali atayamba kufa m'minda ya azungu, iwo n'kumazula mitengo yake n'kumayesa tiyi m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Pa esiteti ndinalowa ndi khasu ngati anzanga onse, koma wophika wakale atayamba kudwala maso, adona, akazi a bwana, anandiloza ine ndi chala. Sindidziwa chimene anaona. Mwina ndi zikhadabo, popeza amayi ankatikalipira tikazisiya zakuda. Patapita zaka zingapo ndinali ndikuphika ndekha, nditavala zoyera, ndikuyenda ngati phiri lonselo analiumba ndi abambo anga. Akuluakulu amati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Ine ndinkatero kumene.

Tinawoloka mtsinje wa Muloza tili atatu: amayi, ine, ndi mlongo wanga wamng'ono ali kumsana. Abambo anawatenga asilikali a Apwitikizi kukagwira ntchito yakalavulagaga, ndipo sitinawaonenso. Kuno tinapeza malo omangapo nyumba, koma ulemu sitinaupeze. Eni dziko ankatitcha Anguru, ati timadya njoka, ati tikamalankhula timachita ngati tili ndi mbatata yotentha m'kamwa. Amayi ankangoti, "Asiyeni, pakamwa ndi pawo." Ine ayi. Zinkandiwawa, ndipo ndinkazisunga.

M'khitchini ndinaphunzira zambiri, koma chimene chinandilowa m'mutu ndi timakeke. Adona ankaitana anzawo a m'maesiteti ena kudzamwa tiyi pakhonde masana. Tsiku lotero ndinkasakaniza ufa watirigu, mazira, batala ndi shuga, n'kuthira m'tizitini tating'ono, kamodzi kokwana munthu mmodzi. Kuphikako kunalibe vuto. Ntchito yeniyeni inali kusanja. Panali mbale zitatu zosanjikizana pa kachitsulo kamodzi, yaikulu pansi, yaing'ono pamwamba. Timakeketo tinkayenera kukhala mozungulira, mipata yofanana, kopserera kubisidwa kumbuyo, ndipo kokongola kuposa tonse kankakhala pamwamba penipeni kokhakokha. Pomaliza ndinkawaza shuga wosinja kudzera m'kansalu kuti agwe pang'onopang'ono ngati nkhungu. Alendo akafika sankathamangira kudya. Ankayamba aima, n'kuyang'ana, n'kugwira pachifuwa, n'kutulutsa timawu tawo tija tozizwa. Kenaka aliyense n'kudzitengera yekha, popanda womupatsa. Ine ndinkasuzumira pachitseko, ndipo kagwiridwe ka pachifuwa kameneko ndinkakawerengera ngati kanga.

Lamulo lalikulu la m'nyumba imeneyo linali lakuti chimene chafika patebulo, wophika sachikhudzanso. Kulawa unkalawira kukhitchini, ndi supuni, chakudya chisanatuluke. Mnzanga wina woperekera zakudya anangonyambita chala chimene chinakhudza shuga, adona n'kumuona, tsiku lomwelo ananyamula mphasa yake. Lamulo limeneli linandilowa m'mafupa, moti ndinayamba kuliyesa ulemu weniweni, zakwathu n'kumaziona ngati zachikale.

Mlongo wanga atakula anamufunsira mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, mnyamata wofatsa wa cha ku Chonde. Banja lake linali la eni nthaka, manda a agogo awo ali komweko. Mnyamatayo analibe vuto. Vuto linali amayi ake, mayi wamtali wosaseka wamba, amene atamva kuti mwana wawo wapeza mkazi kumalaini a esiteti anatha masiku osamulankhula. Amalume ake a mnyamatayo, amene anali nkhoswe, anatiuza mosabisa tsiku limene tinamaliza zokambirana.

"Mlongo wanga, mayi wa mnyamatayu, wavomera kubwera," anatero. "Kubwera kokha. Akadya pakhomo panu, ndiye kuti mwana wanu wamulandira. Akabwerera ndi njala yake, kaya mbusa amange ukwatiwo kawiri, mwana wanuyo sadzaponda pabwalo pathu. Ndipo mnyamatayu ndimamudziwa, sadzapirira chaka ali pakati pa mkazi ndi amake."

Tonse tinamva. Ukwati wa mlongo wanga unali pakamwa pa mayi ameneyo.

Mlongo wanga anakonzekera m'njira yake. Ankadziwa zimene ankanena kumeneko, kuti atsikana akwathu ndi osalangidwa. Tsono anapita kwa amayi aakulu a mumpingo kuti amulangize mwambo wa kuno, wonse, osasiyako. Anamuuza kuti mkwatibwi tsiku laukwati amakhala pamphasa atazyolika, maso pansi. Salankhula, saseka, sadzuka mpaka wina amudzutse, ndipo chachikulu, sadya pamaso pa apongozi ake. Ndinkamupeza kuseri kwa nyumba atakhala chomwecho yekhayekha, akuyeserera, nkhuku zikumuzungulira. Ndinkamuseka. "Iwe, khosilo lithyoka ukwati usanafike!" Iye osayankha, popeza nako kusayankhako ankakuyeserera.

Ine ndinakonzekera m'njira yanga, ndipo sindinafunse munthu. Paja safunsa anadya phula. Mumtima ndinati anthu amenewa amati timadya njoka, tsono aone chimene sanachionepo chibadwire, ndipo achione pakhomo pathu. Mlongo wanga atamva anandipempha kamodzi kokha. "Achimwene, ndamva kuti apongozi anga amakonda mkate wa nthochi. Bwanji amayi angokulunga womwewo m'masamba?" Ndinamuuza kuti mkate wa nthochi amadya kwawo tsiku lililonse, ndipo kuti za chakudya andisiyire ine amene ndimazidziwa. Sanalimbane nane. Ndinali mchimwene wake, ndinalinso m'malo mwa abambo.

Adona anakondwa nazo. Anandipatsa ufa, batala ndi shuga, nandilola kuphikira mu uvuni wawo, nandibwereka nsalu yoyera ya patebulo. Mbale zosanjikizana zija anakana, ati zingasweke. Ndinakadula nsungwi ndekha n'kumanga kathandala ka miyendo itatu, n'kuikapo malichero atatu atsopano, lalikulu pansi, laling'ono pamwamba. Kunena zoona, chinthucho chinaoneka bwino kuposa cha adona, ndipo mpaka lero sindibweza mawu amenewo.

Amayi anachizungulira kawiri, manja kumbuyo.

"Nanga adzagawa ndani?"

"Palibe, amayi. Aliyense adzadzitengera yekha."

"Ngati nkhuku?"

"Ngati anthu ophunzira."

Amayi Chimang'anja sankachilankhula bwino, ndipo pa zinthu za kuno ankadzikayikira. Ankaganiza kuti ine, amene ndimalowa m'nyumba ya azungu, ndimadziwa zonse. Anangoti, "Iwe ndiye mwamuna pano." Mawu amenewo ndinawatenga ngati chilolezo. Ndinawauzanso kuti thobwa ndi mpunga zidzadikire, alendo adzayambe aona timakeke, ndipo timeneto tidzakhale choyamba kulowa m'kamwa mwawo. Kalanga ine! Amayi akanangotuluka ndi chikho cha thobwa monga mwa masiku onse, n'kugwada, n'kumwako pang'ono, n'kupereka, nkhani ino sikanakhalapo.

Ndinaphika timakeketo m'mawa wa tsiku laukwati lomwelo, ndipo tinapsa bwino tonse, kopserera kunalibe ndi kamodzi komwe. Ndinasenza ndekha m'dengu, kuyenda ngati ndanyamula mazira. Kutchalitchi sindinapite. Ukwati wa mlongo wanga weniweni, ine ndili kalikiliki ndi malichero! Ndinaimika kathandala pansi pa mtengo wa mbawa pakati pa bwalo kuti dzuwa lisawononge, ndinayala nsalu, n'kusanja, n'kuphwasula, n'kusanjanso. Ndinawaza shuga. Ana ndinawathamangitsa ndi kamtengo, ntchentche ndi tsamba la nthochi. Gulu litatulukira dzuwa lili paliwombo, likuimba, linandipeza nditaima pambali pa chinthu changa, manja kumbuyo, zovala zili mbee.

Anthu anakhala, amuna mbali yawo, akazi mbali yawo. Mlongo wanga anamukhazika pamphasa pafupi ndi mwamuna wake, nsalu kumutu, atazyolika monga anayeserera, osagwedeza ngakhale chala. Apongozi ake anakhala moyang'anizana naye. Ndinawaona akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo nkhope yawo inafewako pang'ono. Mwanayo anali akupambana yekha, popanda thandizo langa.

Ndinakhosomola, n'kunena mokweza: "Alendo athu, takulandirani. Izi takonzera inu. Aliyense abwere adzitengere."

Nyimbo inazima. Palibe anagwira pachifuwa. Anthu ankangoyang'ana chinthucho, n'kuyang'anana. Mayi wina kumbali ya akazi ananong'oneza mnzake, koma ndinamva: "Pansi pa mtengo, ufa atawaza, mwini wake ataimira poteropo. Kodi ndi nsembe?" Ine mumtima ndinati umbuli basi.

Amalume aja, munthu wokonda mtendere, anayesa kundipulumutsa. Anaseka pang'ono n'kuti, "Zaoneka bwino, bambo. Tsono mwini wake ayambe, atichotsere ufiti."

Mwambo umenewu ndinkaudziwa. Ndani saudziwa? Kwathu kutsidya unaliko, kunonso unaliko. Wopereka chakudya kapena chakumwa kwa mlendo amayamba walawa yekha pamaso pake, kuti mlendoyo adye mtima uli m'malo. Anthu amenewa anali asanadyepo pakhomo pathu, chakudyacho anali asanachionepo, ndipo za ife anali atamva zambiri. Chimene ankapempha chinali chaching'ono: nditambasule dzanja, nditenge kamodzi, ndilume.

Dzanja linakana. Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi kuti linakaniranji. Mwina ndi mantha a m'nyumba ya adona, amene anali atakhazikika m'mikono mwanga. Mwina ndinkaona kuti ndikachotsa kamodzi mzere uwonongeka anthu asanakhute kuyang'ana. Koma ndisadzinamize pa ukalamba uno, kunali kunyada. Kundiuza kuti ndilawe kunandimvekera ngati akuti ndife afiti, ndipo ndinafuna kuti amve kuti malamulo amene ndimadziwa ine ndi apamwamba kuposa awo. Ndinayankha ndikumwetulira.

"Wophika sadya za patebulo, bambo. Izi ndi za alendo okha."

Amalumewo anasiya kuseka. "Mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "ine za tebulo sindizidziwa. Ndikuti ulawe."

"Sizitheka, bambo. Si mwambo wake."

Abale inu, taganizani mmene zinamvekera. Munthu waphika yekha, kwina kumene palibe anamuona, wasanja mokongola, wawazapo zoyera, akuumiriza alendo kuti adye, iye mwini n'kukana kawiri konse kuika m'kamwa. Ngakhale ine, ndikanakhala mlendo, sindikanadya.

Apongozi aja analankhula koyamba, osayang'ana munthu. "Chikomekome cha mkuyu," anatero, n'kusiyira pomwepo. Anaimirira, namangitsa nsalu m'chiuno. "Tiyeni. Dzuwa lapendeka, kwathu n'kutali." Dzuwa linali pamutu penipeni. Akazi akwawo anayamba kudzuka mmodzimmodzi. Amayi anali pakhomo la nyumba, chikho chili m'manja, osadziwa ngati atuluke, pakuti ndinali nditawaletsa. Apa n'kuti nditazindikira zimene ndachita, koma manyazi obweza mawu pagulu anandiletsa kuchitapo kanthu.

Ndiye mlongo wanga anadzuka.

Palibe anamudzutsa. Anachotsa nsalu kumutu, nayenda pakati pa bwalo anthu onse akuona, nandidutsa ngati ndine chitsa. Anatenga kakeke kapamwamba kaja, kamene ndinakasankha mwa tonse, n'kukaluma. Anatafuna pang'onopang'ono, maso ali kwa apongozi ake, shuga atayera pamilomo, mpaka anakamaliza. Wina anati, "Ogo!" Mmodzi wa amayi amene anamulangiza anaphimba kumaso. Kenaka anachotsa lichero lapakati, timakeke tikugubudukirana, mizere yanga yonse itatha, nayenda nalo chogwada mpaka pamapazi pa apongozi akewo. Ananyema kamodzi, nadya theka, theka linalo n'kulikweza ndi manja awiri.

"Amayi," anatero, "achimwene angawa ndi opusa, koma si afiti. Idyani."

Sindidziwa kuti anagwada nthawi yaitali bwanji. Manja sanawatsitse. Apongoziwo anayang'ana theka lija, anayang'ana mwanayo, kenaka anakhala pansi pang'onopang'ono n'kulandira. Anatafuna ngati akutafuna mankhwala. Atameza anati, "Shuga wachuluka." Anatembenukira akazi akwawo: "Inu mwaimiriranji? Khalani pansi."

Nthungululu zinamveka. Amayi anatuluka ndi thobwa ali chothamanga, nagwada, namwako, napereka. Mpunga unabwera, nkhuku zinabwera, nyimbo inayambiranso. Timakeke totsala anagawa ndi akazi, m'manja, monyemanyema, ana n'kumalimbirana nyenyeswa. Nsalu ya adona anagonekapo khanda la munthu. Palibe anandiyamikira, palibenso anandidzudzula, anthu ankangondilambalala. Ndinakokera kathandala kanga kuseri kwa nkhokwe, n'kukhala kumeneko ndikumasula zingwe mpaka alendo anatsanzika.

Sindinena kuti njira ya adona inali yoipa. Ndinasanjabe timakeke pakhonde lawo zaka zambiri pambuyo pake, ndipo ntchitoyo ndinkaikondabe. Koma ndinayamba kuona chimene poyamba sindinkachiona. Alendo a adona ankadziwana, ankayenderana, sankaopana. Chakudya chinkatha kukhala chokha patebulo, popanda wochiimira. Pabwalo pathu panabwera anthu amene ankatikayikira, ndipo chimene anadzaona si chakudya ayi, koma munthu wopereka, mmene agwadire ndi mmene alawire. Ine ndinawabisira chomwecho n'kuwaonetsa malichero. Kukongola ndinaphunzira bwino, koma sindinafunsepo kuti kukongolako kukugwira ntchito yanji.

Ukwati unalimba. Anakhala limodzi mpaka imfa inawalekanitsa, ndipo apongozi aja atadwala matenda awo omaliza sanafune kusambitsidwa ndi wina aliyense koma mlongo wanga. Koma dzina linamukanirira. Kumudzi kumeneko ukafunsa nyumba ya aphunzitsi ankati, "Kwa uja anadya pa ukwati wake?" Polangiza atsikana ankamutchula ngati chitsanzo cha zosayenera kuchita, n'kuwonjezera kuti, "Nanga si mtundu wawo, amake sanamulange." Amayi anamva mawu amenewo asanamwalire, ndipo ana a mlongo wanga anakula akuwamva. Za ine, amene ndinayambitsa zonse, palibe ankakumbuka. Kupepesa sindinapepese. Ndinkangoti ndidzatero tsiku lina, mpaka mlongo wangayo tinakamuika.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi m'mawa wotsatira ukwatiwo. Ndinayenera kubweza nsalu ya adona, ndipo amayi anandiuza kuti mlongo wanga wapita nayo kumtsinje. Ndinamupeza akuichapa pamwala, yekha. Ndinaima kumbuyo kwake ndikusowa poyambira, ndipo popeza ndinali ine yemwe uja, ndinayamba ndi nthabwala.

"Koma kanakoma, eti? Unasankha kabwino kuposa tonse."

Sanacheuke. "Sindinamve kukoma, achimwene. Ndinkangomeza."

Anapitiriza kuchapa. Ndinayesa kuti wamaliza kulankhula, koma anatinso, mawu ali pansi, osakwiya:

"Miyezi itatu ndakhala ndikuphunzira kuzyolika. Ndimafuna kuti tsiku limodzi lokha anthu amenewa anene kuti amayi analera mwana. Limodzi lokha, achimwene. Linali dzulo."

Anafinya nsalu ija, naipinda bwinobwino, nandipatsa.

"Tengani. Mungachedwe kuntchito."